Tirigu wa ku Tsangano ndi Mawu Amene Adachokera ku Roma

Munthu amene adayendapo m'mapiri a ku Tsangano chakumapeto kwa chisanu, pamene chimanga chili kale m'nkhokwe ndipo mphepo ikuwomba mosaleka pa zitunda za m'malire, adaonapo timinda ta tirigu titacha m'mbali mwa zigwa, ndipo kapena adaimapo pabwalo pamene amayi ena akupuntha mitolo ndi ndodo, ena akupeta m'malichero, mankhusu akuuluka kunka cha ku Ntcheu. Mukafunsa mmodzi wa amayiwo dzina la mbewuyo, adzakuyankhani msanga kuti ndi tirigu, ndipo adzadabwa mukamuuza kuti liwu limene watchulalo ndi mlendo, pakuti iye adalimva kwa amake, amakenso adalimva kwa amawo, ndipo m'nyumba ya Mulungu amalimva likuwerengedwa m'fanizo la tirigu ndi namsongole. Komatu liwuli lidadza ndi Apwitikizi, amene amati trigo. Iwonso adalilandira kwa Aroma akale, amene ankati triticum, kuchokera ku mneni wawo terere, ndiko kupera kapena kupuntha. Kotero kuti mayi uja, potchula dzina la mbewu yake, akutchulanso ntchito imene manja ake akugwira, m'chinenero cha anthu amene mafupa awo adasanduka fumbi kalekale.

Angerezi nawonso ali ndi mphukira ya muzu womwewo, ndiyo mneni triturate, kusinja chinthu mpaka chisanduke ufa. Koma kwa iwo liwuli n'la osakaniza mankhwala ndi la m'mabuku aakulu, ndipo Mngerezi wamba angathe kukalamba osalitchulapo ndi tsiku limodzi lomwe. Apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Aneni ambiri a Chingerezi amene ana athu amawaloweza ndi thukuta, nawayesa chuma cha anthu ophunzira okhaokha, ali ndi abale awo a bere limodzi amene amayenda chapansi m'misika ya ku Furancungo, tsidya la Mozambique. Ndipo popeza chakudza sichiyimba ng'oma, n'koyenera kuti tilondole mapazi a mawuwa, tione njira ziwiri zimene adadzera kufikira adakumana pakhomo pathu.

Chilatini poyamba chidali chinenero cha kadziko kakang'ono kotchedwa Latium, kumene kuli mzinda wa Roma, ndipo chidafala ndi asilikali. M'chaka cha 218 Khristu asanabadwe, Aroma ali pankhondo ndi anthu a ku Carthage, ankhondo awo adakocheza pa gombe la dziko limene lero lili Spain, ndipo patapita zaka mazana awiri chigawo chonsecho, pamodzi ndi kumene kuli Portugal, chidali m'manja mwawo. Chilatini chimene chidamera mizu kumeneko chidali cha msilikali wopuma ntchito, cha wamalonda ndi cha mlimi, ndipo monga mwala wa mumtsinje umasalala ndi kukunkhunizika, mawu ake adaperepeseka m'kamwa mwa mibadwo yambiri, zilembo zina zikugwa, zina zikufewa, mpaka padabadwa Chipwitikizi. Ufumu wa Roma udagwa, koma mawu ake adatsala m'makhitchini ndi m'minda.

Atadutsa Vasco da Gama pa gombe la Mozambique mu 1498, sipadapite zaka makumi anayi Apwitikizi asanakhazikike ku Sena ndi ku Tete, kumene ankafuna golide wa Mwenemutapa ndi minyanga ya njovu ya Amaravi. Wansembe wa Chijezuiti Gonçalo da Silveira adakwera Zambezi, nabatiza Mwenemutapa, naphedwa komweko mu 1561. Pambuyo pake kudadza minda ikuluikulu yotchedwa prazo, imene mfumu ya ku Portugal inkabwereka kwa anthu ake kwa mibadwo itatu. Ndipo dzinalo lidachokera ku placitum, ndiko chinthu chimene anthu akondwera nacho ndi kupangana, ngakhale eni nthaka amene adapezeka pamenepo sadafunsidwe ngati adakondwera. M'zaka mazana atatu zotsatira, pamene mafumu a Amaravi, a Kalonga, a Undi ndi a Lundu, ankasinthana minyanga ndi nsalu ndi mikanda, mawu nawonso ankakwera mitunda pamodzi ndi amtengatenga. Carta, chochokera ku charta, pepala la gumbwa limene Aroma adatengera dzina lake kwa Agiriki, chidasanduka kalata. Vinho, mwana wa vinum, adasanduka vinyo. Marinheiro, munthu wa pa mare, ndiyo nyanja yamchere, adasanduka malinyero, ndipo amalinyerowo adakwera mpaka kukalowa m'Buku Lopatulika la 1922, m'nkhani ya Yona ndi ya ulendo wa Paulo wa ku Roma komweko. Akadaulo a zinenero ambiri amati fodya nayenso ndi folha, ndiko tsamba, kuchokera ku folia, masamba. Ndipo ngati kuli tero, mlimi wa ku Macanga amene akusoka fodya wake m'chigafa, fodya amene lero ali msana wa chuma cha boma lonselo, akugwiritsa muzu womwe uja umene Angerezi adapangira defoliate, kuyoyola masamba a mtengo. Tisafulumire kunena kuti chilichonse chimene Mpwitikizi adadza nacho n'cha ku Roma: mbatata ndi dzina la anthu a ku zilumba za ku America, ndipo ganyu, amene ali ganho, phindu, adachokera ku mitundu ya Chijeremani.

Dziko la Macanga lili ndi mbiri yakeyake m'nkhani imeneyi, pakuti kumeneko Chipwitikizi sichidadze ndi bwanamkubwa koma ndi mkamwini. Gonçalo Caetano Pereira, wa ku Goa ku India, amene anthu adamutcha Dombo-Dombo, ankakumba golide kumpoto kwa Zambezi m'zaka za m'ma 1700. Mwana wake Manuel adatsagana ndi amalonda a Chibisa mpaka kwa mfumu Kazembe mu 1796, ndipo ulendo umenewo ndiwo udakopa Francisco de Lacerda, amene adanyamuka ku Tete mu 1798 nakafera kwa Kazembe chaka chomwecho. A banja la Pereira adakwatira m'mabanja a mafumu a Achewa, nalandira malo m'dziko la Undi, ndipo pofika cha m'ma 1840 adali atadzipangira ufumu wawo wa Macanga, wokhala ndi malinga ndi ankhondo a Chikunda, umene nthawi zina unkagwirizana ndi boma la ku Tete, nthawi zina nkumenyana nalo. Mafumu amenewa adali ndi maina awiri, la ubatizo ndi la kwathu. Ankalembera makalata ku Tete m'Chipwitikizi, naweruza milandu pabwalo m'chinenero cha amayi awo. Ndipo ine ndiyesa kuti m'malinga amenewo ndimo mawu ambiri achilendo adavulira zovala zawo navala nyanda. Sindiwayamikira, pakuti adagulitsa anthu ndi kupasula midzi. Koma wolemba mbiri ya mawu sangathe kuwalumpha. Wotsiriza wa iwo, Chinsinga, adagonjetsedwa ndi Apwitikizi mu 1902.

Kuyambira pamenepo mawu adayamba kutsika kuchokera kumwamba monga malamulo. Mfumu ya dziko, imene makolo ake ankalandira mitulo, idatchedwa régulo, ndipo amene adziwa Chilatini amva kunyoza kumene kuli m'menemo, pakuti rex ndiye mfumu, koma regulus ndi kamfumu. Woyang'anira anzake pantchito adakhala kapitawo, kuchokera ku capitão, amene muzu wake ndi caput, mutu. Ndipo kuchokera ku mutu womwewo Angerezi ali ndi capitulate, kugonja pankhondo, popeza mapangano a ogonja ankalembedwa mitumitu. Mwamuna wotengedwa kukagwira ntchito kutali ankatchedwa contratado, ngati kuti adapangana mwaufulu, pamene kumudzi ankangoti wapita ku chibalo. Ndipo munthu wakuda amene adasiya miyambo ya kwawo nalandira chikalata cha boma ankatchedwa assimilado, kuchokera ku similis, wofanana, mpaka lamulo losiyanitsa anthulo lidathetsedwa mu 1961.

Njira yachiwiri idazungulira kumpoto. Chingerezi si mwana wa Chilatini, ndipo mawu ake a tsiku ndi tsiku, a kudya ndi kumwa ndi kugona, n'ngofupika, a mtundu wa Chijeremani. Koma mu 1066 William wa ku Normandy adalanda England, ndipo kwa zaka pafupifupi mazana atatu a kunyumba ya mfumu ndi oweruza ankalankhula Chifalansa, chimene chili mlongo wa Chipwitikizi. Kenaka m'zaka za m'ma 1500 ndi 1600 anthu ophunzira, poona ngati chinenero chawo n'chosauka, adayamba kutapa aneni m'mabuku a Chilatini monga momwe adalembedwera, osaperepeseka konse, nawapachika mchira wa -ate. Ena a m'nthawi yomweyo adadandaula, nawatcha mawu a m'botolo la inki. Ambiri adafa, koma ambiri adatsala, ndipo ndiwo amene amishoni a ku Scotland, ophunzira Chilatini kuyambira ubwana, adadza nawo ku Livingstonia mu 1875 ndi ku Blantyre mu 1876. Tsono pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la pa 11 June 1891 lidalemba mzere pa zitunda, pamene madzi amagawikana, ena kunka ku Nyanja ndi ku Shire, ena ku Zambezi, ndipo mzerewo udadutsa pakati pa anthu a fuko limodzi, a Phiri ndi a Banda, a Gule mmodzi ndi chinenero chimodzi. Mwana wa kuvuma adapatsidwa Chilatini cha m'botolo la inki, mwana wa kuzambwe adapatsidwa Chilatini cha msilikali ndi mlimi, ndipo palibe amene adawauza kuti chili chimodzi.

Ine ndidaziona zimenezi ndi maso anga m'zaka za nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique, chakumapeto kwa ma 1980, pamene anthu a ku Macanga, a ku Tsangano ndi a ku Angónia adasefukira ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo othawa nkhondo onse m'Malawi adafika pafupifupi miliyoni imodzi. Ndinkaphunzitsa Chingerezi pa sukulu ina ya m'malire, ndipo m'kalasi mwanga mudali mnyamata wa kufupi ndi Furancungo, wamkulu msinkhu kuposa anzake, wofatsa, amene ankakhala kumbuyo chifukwa anzake ankamuseka akamalephera kutchula mawu ang'onoang'ono. Tsiku lina ndidalemba pabolodi liwu loti castigate, limene tidalipeza m'ndime yowerenga, ndi kufunsa tanthauzo lake. Kalasi yonse idangoti zii, ngakhale aja ozolowera kukhala oyamba pamayeso. Pamenepo mnyamata uja adatukula dzanja pang'onopang'ono, ngati wopempha chikhululukiro.

"Aphunzitsi, kodi si kulanga?"

"Wadziwa bwanji, mwanawe?"

"Kwathu amati castigar. Agogo anga aamuna ndiwo ankalitchula kawirikawiri."

Titaweruka adandifotokozera kuti agogo akewo, atachedwa kupereka msonkho m'masiku a atsamunda, adatengedwa ndi asipayo, ndiwo apolisi a atsamunda, kunka kuboma, kumene adawamenya m'zikhatho ndi palmatória, thabwa lokhala ndi chogwirira ndi mutu wozungulira wobooledwabooledwa, limene dzina lake lichokera ku palma, ndicho chikhatho. Ndipo kuti kwa masabata angapo agogo aakazi ndiwo ankawadyetsa nsima, popeza zala zidatupa osatha kutema mbamu. Ine ndidali nditaphunzira m'mabuku kuti castigare ndi castus ndi agere, ndiko kuyeretsa munthu, ndipo ndinkanyadira kudziwa kwangako. Koma tsiku limenelo ndidazindikira kuti mwana amene tinkamuyesa wotsalira adali nalo liwulo m'nyumba mwake, lolembedwa m'manja mwa agogo ake. Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Kuyambira pamenepo ndidayamba kumufunsa dala, ndipo kawirikawiri ankalasa. Masticate, amene anzake ankamuopa, kwa iye adali mastigar, kutafuna. Ameliorate, wochokera ku melior, chabwino choposa, adali melhorar, liwu limene namwino amanena wodwala akapezako bwino. Ligate, amene Angerezi amasungira madokotala omanga mitsempha, adali ligar, kulumikiza, ndipo lero ndilo liwu loimbira lamya. Ena adali atabisala kwambiri, moti tidachita kufukula pamodzi: cogitate, kusinkhasinkha, ndi cogitare wa Aroma, amene m'kamwa mwa Apwitikizi adafupika nakhala cuidar, kusamala, ndipo cuidado amene amalembedwa pa mitengo ya magetsi ndiye mwana wake, m'menemo muli nzeru yakuti kusamala chinthu ndiko kuchiganizira. Enanso adapatukana njira monga ana a munthu mmodzi okakwatira kutali. Exonerare ndi kutula munthu onus, katundu wolemera. Angerezi akati exonerate, katunduyo ndi mlandu, ndipo munthu wapezeka wosalakwa. Koma wailesi ya Mozambique ikalengeza kuti mtsogoleri wa dziko exonerou nduna, katunduyo ndi udindo, ndipo ndunayo yachotsedwa ntchito. Ife amene timati munthu watula pansi udindo tili pafupi ndi Aroma m'maganizo, ngakhale mawu athu sali paubale ndi awo.

Limene ndimalikonda koposa ndi procrastinate, pakuti m'kati mwake muli cras, mawa, ndipo tanthauzo lake ndi kukankhira ntchito ku mawa. Apwitikizi adataya cras ameneyo, natenga liwu la m'mawa, manhã, kupangira amanhã, mawa. Ndipo taonani, umo ndimo tichitira ifenso, pakuti mawa ndi m'mawa ndi liwu limodzi, ngakhale palibe amene adabwereka kwa mnzake. Koma pamene Mngerezi afunika zigawo zinayi za Chilatini, ife tili naye kuzengereza, ndipo makolo adamupatsa kale mwambi wake wakuti zengerezu adalinda kwawukwawu. Momwemonso ruminate, kutafunanso monga ichitira ng'ombe ndi kubwerezabwereza ganizo mumtima, mnyamata aliyense wobusa ng'ombe za Angoni pa zitunda za Tsangano amamudziwa ndi dzina lakuti kubzikula. Ndikunena zimenezi kuti wina asayese kuti tidabwereka chifukwa cha umphawi: tidabwereka maina a zinthu zimene zidadza ndi alendo, koma aneni a moyo wa munthu, a kuganiza ndi kuchedwa ndi kulira, tidali nawo ochuluka.

Chilatini chenichenicho, chosasandulika, anthu a kuno adachimvanso ndi makutu awo. Pa mishoni ya Boroma, pafupi ndi Tete, m'dera limene Victor Courtois adalembera mabuku a galamala ndi a matanthauzo a Chinyungwe chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndi pa mishoni za Ajezuiti za Lifidzi ku Angónia ndi Fonte Boa ku Tsangano, Misa inkachitika m'Chilatini, ndipo anyamata otumikira kuguwa ankaloweza mayankho ake asanadziwe kuwerenga bwino. Ofuna unsembe ankachiphunzira mozama ku seminale ya Zóbuè. Liwu loti Misa lomwe lichokera ku mittere, kutuma, ndilo liwu limene anthu ankabalalitsidwa nalo pomaliza mapemphero. Msonkhano waukulu wa ku Vatican, m'chikalata chake cha pa 4 December 1963, udatsegula khomo kuti anthu apembedze m'zinenero zawo, ndipo Chilatini chidayamba kuzilala m'matchalitchi. Koma tsidya lino Kamuzu Banda adachiutsanso pa sukulu yake ya ku Mtunthama ku Kasungu, imene idatsegulidwa mu 1981, kumene mwana aliyense ankayenera kuphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Sukulu imeneyo idali ya ana owerengeka osankhika, ndipo m'zaka zomwezo ana zikwizikwi odziwa Chipwitikizi ankakhala m'misasa ya m'malire, opanda wowafunsa chimene adadza nacho.

Nkhondo ya ku Mozambique ija idatha ndi pangano losainidwa pa 4 October 1992, ndipo malo ake adali Roma yemweyo. Mtendere m'Chilatini ndi pax, umene udabala paz wa Apwitikizi. Udabalanso pacare, kutonthoza munthu, ndipo popeza wangongole satonthola kufikira walandira chake, pacare adasanduka pagar kwa Apwitikizi ndi pay kwa Angerezi, kulipira. Mfumu iliyonse imene idaweruzapo mlandu pabwalo idziwa kuti mtendere wa mabanja awiri umabwerera pamene mbuzi yaperekedwa. Mu 1994 maiko onse awiri adachita chisankho cha zipani zambiri, Malawi mu May ndi Mozambique mu October, ndipo mneni kuvota adalowa m'nyumba iliyonse; koma votum wa Aroma chidali chowinda, lonjezo limene munthu amachita pamaso pa milungu, ndipo kukadakhala bwino ovota ndi ovoteredwa omwe akadakumbukira kulemera kwake.

Chinyanja chili ndi njira yakeyake yolandirira mlendo, ndipo khutu lozolowera limatha kudziwa mbali ya malire imene munthu wachokera pongomva mchira wa aneni ake. Wa ku Lizulu, tsidya la Malawi, amadula liwu la Chingerezi naliveka -a, nati kusaina, kupenta, kulipota. Wa ku Furancungo amasunga mchira wa Chipwitikizi nawonjezera -i, nati kuligari, kupasiyari. Liwulo likangolowa limamvera malamulo a m'nyumba: munthu amasainitsa mnzake, amasainira amayi ake, chikalata chimasainidwa, monga momwe kubatiza, amene adachoka ku Chigiriki nadzera ku Chilatini, adabalira kubatizidwa ndi ubatizo. Sindigwirizana ndi iwo amene afuna kuzula mawu onse obwera, pakuti akadayamba ntchitoyo akadazula tirigu pamodzi ndi namsongole, ndipo sitikadakhala ndi dzina la kalata kapena la chipatala. Koma ndimamvanso chisoni ndikamva mnyamata wophunzira akuunjika aneni aatali a Chingerezi pamaso pa amalume ake kuti aoneke wamkulu, osadziwa kuti pansi pa liwu lililonse lotere pali chinthu wamba cha kumudzi, katundu wa pamutu, tsamba, chingwe, ng'ombe yobzikula. Aroma amene adapanga mawuwa adali alimi, ndipo mlimi wa kwathu angawamve msanga koposa wina aliyense atamuuza mizu yake m'chinenero chake.

Boma la Mozambique lidayesa kuphunzitsa ana m'Chinyanja pamodzi ndi Chipwitikizi m'sukulu zina za ku Tete kuyambira 1993 mpaka 1997, ndipo kuchokera mu 2003 maphunziro a zinenero ziwiri adalandiridwa m'dziko lonse. Tsono inu aphunzitsi a ku Furancungo ndi a ku Tsangano, amene muphunzitsa Chingerezi kwa ana odziwa kale Chipwitikizi, ndi inu anzanga a ku Dedza ndi ku Ntcheu, amene m'makalasi mwanu simusowa mwana wa tsidya lina la mzere, mukalemba pabolodi liwu lalitali lothera ndi -ate, musafulumire kutsegula buku la matanthauzo. Yambani mwafunsa anawo ngati alipo amene adalimvapo kwawo, ndipo akayankha, afunseninso mmene agogo awo akadanenera m'Chinyanja.